Kachilombo ka Pakhomo

Mukafika ku Biwi, imitsani mayi aliyense wa msinkhu wokhala ndi mdzukulu, mumufunse kuti kuchipatala anamuyeza ndi viniga wa ndani. Iye sadziwa, koma ine ndikudziwa: anali wanga. Ine Lucious Kanjedza, mwana wa ku Ntcheu amene ndinatsika basi mu Lilongwe ndi jumbo yokhala ndi buluku limodzi, ndathandiza kupulumutsa amayi ochuluka kuposa madokotala ena ovala mataye, chikhalirecho sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Wokayika akhale pansi, ndimufotokozere.

Ndinayamba ndi kusenda mbatata pa chiwaya cha munthu wina kudepoti. Pofika chaka cha 2006 ndinali ndi ziwaya zanga zitatu, ku Biwi, ku Kawale ndi ku Area 23, kuphatikizapo golosale yokhala ndi filiji. Ku Joni ndapitako mpaka apolisi a pa Beitbridge amandifunsa za ana. Ku Dar es Salaam ndinkakapikula zitenje, ku Beira nsomba zouma, ndipo ku Tete ndinaona ndi maso angawa dzira likupsa pa boneti ya lole. Viniga pa tchipisi ndinabwera naye ndine kuchokera ku Durban. Ndisanatero, anthu a ku Biwi ankangodziwa mchere, kabichi ndi tsabola, ndipo tsiku loyamba wina anandibwezera mbale akuti mbatata zasasa.

Akazi anga ndi Thokozire, amake Tracy. Ndi munthu wa mawu ochepa, koma ali ndi mphatso imene sindinaipeze m'dziko lililonse: amaseka nkhani zanga pamalo oyenera kusekapo, ngakhale akuimva kakhumi. Mkulu wawo, Lonely, anamwalira mu 2003 ine ndili ku Tanzania. Chimene ndinangomva pobwera n'choti anali matenda a amayi, anataya magazi nthawi yaitali, ndipo mwamuna wake anakana za chipatala, n'kuitana sing'anga kudzatsirika nyumba. Zambiri sindinafunse. Nkhani zoterozo mwamuna wa ku Ntcheu amazimvera patali.

Tsiku lina madzulo, nditangofika kuchokera ku Nakonde, tinakhala patebulo ndi ana athu awiri, Tracy ndi Pemphani. Ndinali pakati pofotokoza m'mene ndinagonjetsera wosintha ndalama wina wa ku Zambia, pamene amake Tracy anandidula, chinthu chimene sachitachita. Anayang'ana ana, n'kutsitsa mawu.

"Abambo a Tracy, ndinaonana ndi a Sisita Leah. Akuti pakhomo pali zoyerayera. Akuti zimayamba ndi kachilombo, ndipo zikalekereredwa zimadya mpaka mkati. Akuti ndipite Lachinayi akandithandize, koma inu muvomereze kaye."

Tsono mumve bwino apa. A Sisita Leah ndi namwino pa chipatala chaching'ono cha kwathu kuno, komanso ndi mayi wa Mvano kumpingo kwathu, ndipo amayi a Mvano amakumana m'makomo mosinthana. Sabata imeneyo anakumana kwathu. Ndiye munthu akakuuzani kuti mlendo waona zoyerayera pakhomo panu, ndipo n'zakachilombo kodya mpaka mkati, inu mumaganiza chiyani? Ine ndinaganiza chiswe. Ndinaona m'maganizo amayi a yunifolomu zoyera ataima pakhonde langa, akuloza felemu ya chitseko, akunong'onezana kuti bwana wa ziwaya zitatu nyumba ikudyeka. Ndinaganizanso kuti a Leah ali ndi mlamu wogulitsa mankhwala opopera, ndipo akufuna kumupezera kasitomala.

"Musapitenso kulikonse," ndinatero. "Za pakhomo panga ndimathana nazo ndine. Munthu wina asalowererepo."

Anayesa kunena kuti sindinamvetse. Ndinawauza kuti ine ndimamva Chizulu, Chiswahili, Chishona, Chipwitikizi cha kumsika ndi Chingerezi, ndiye palibe chimene mayi wa Mvano anganene chondipita. Nkhaniyo ndinaitseka pomwepo, n'kubwerera kwa wosintha ndalama uja.

M'mawa mwake ndinagwada pakhomo, ndipo ndithu m'munsi mwa felemu munali kafumbi koyera. Pano amake Tracy amati unali ufa umene unatayika pothira thumba lochokera kuchigayo, koma ine ndinauona ndi maso ena. Ndinapita ku Mchesi kukatenga Mackson, kalipentala amene amandikhomera mabenchi a paziwaya. Anagogoda chitseko pamwamba, pakati, pansi, anabaya felemu ndi msomali, n'kunena kuti matabwawo ndi abwinobwino, angathe kukwirira tonsefe. Ndinamuuza kuti kachilombo kameneka kamadyera mkati, maso sakaona, ukamadzaona zizindikiro ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Onani nzeru zanga: ngakhale pamene ndinali pa khomo lolakwika, zimene ndinkanena zinali zoona.

Mackson anagulula zonse. Tinaika chitseko cha mlombwa, cholemera moti anachinyamula amuna anayi, chojambulidwa mkango pakati. Kenako ndinachita zimene ndinaphunzira kwa Mpwitikizi wina ku Beira: ndinakumba kangalande kutsogolo kwa khomo, n'kuthiramo oilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisadzayerekezenso. Ndili chogwada, ndikukwirira, amake Tracy anatulukira ndi ndowa pamutu. Anaima. Anayang'ana dzenjelo, anayang'ana zakudazo m'manja mwanga.

"Vuto lanu lija latha, amake Tracy," ndinatero monyadira. "Simudzafunanso Sisita."

Anatula ndowa, analowa kuchipinda, n'kutseka. Ine ndinati chisangalalo chawakulira.

Chimene sindinkadziwa n'choti mwamuna wa malemu Lonely anachita chimodzimodzi: anakumba pakhomo, n'kukwirirapo zinthu zakuda zochokera kwa sing'anga, n'kuuza mkazi wake kuti vuto latha.

Lachinayi lija linadutsa, linanso n'kudutsa. M'nyumba munayamba kuzizira. Amake Tracy anayamba kuphunzitsa Tracy kuphika chilichonse, ngakhale thobwa, mwana wa Folomu 1. Zitenje zawo zabwino, zija ndinawagulira ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, anayamba kugawira abale. Ndinawafotokozera nkhani ya ng'ona ya pa mlatho wa ku Tete, nkhani imene inagwetsapo m'busa pampando, iwo anangoti, "Chabwino." Ndinaikulitsa ng'onayo, ndinaiwonjezera mano, koma ayi ndithu. Apo ndinadziwa kuti chilipo chavuta, koma ndinaganiza kuti mwina mkangowo sanaukonde.

Masana ena ndili mugolosale, analowa a Sisita Leah, yunifolomu ili m'kati mwa juzi. Ndinawalonjera ndi manja awiri. Anayankha moni wouma ngati chikonyo, n'kupempha botolo la viniga woyera. Ndinawauza kuti asankha bwino, ameneyo ndi amene amathira ku Durban. Anati si wa tchipisi, ndi wa kuntchito. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"A Kanjedza, ine ndinkakuyesani munthu woyenda. Amake Tracy akuti anakufotokozerani, inu n'kuwaletsa kubwera."

"Sindinaletse chabe, amayi. Ndinakonza."

"Munakonza?"

"Ndinagulula lonse ndi felemu yomwe. Ndinaika la mlombwa."

A Leah anaika botolo lija pakauntala pang'onopang'ono. Anandipempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndinatchulanso za mkango ndi oilo. Anafunafuna pokhala, anakhala pa thumba la shuga, n'kubisa nkhope m'juzi, mapewa akugwedezeka. Atatha anapukuta misozi, nkhope n'kubwerera mwakale. Anati nkhani imeneyi si ya mugolosale ndipo mwini wake ayenera kukhalapo, choncho nditseke, tipite kunyumba.

Pofika anagogoda chitseko chija ndi chala, n'kuvomereza kuti ndi chokongoladi. Tinakhala pabalaza atatu, ana ali kusukulu. A Leah anapempha chilolezo kwa amake Tracy, kenako anandiuza kuti khomo limene ankanena si lolowera alendo, ndi khomo la chiberekero, limene lili kunsi kwa chiberekero, potulukira mwana. Anafotokozeranso amake Tracy zimene ine ndinamva.

Amake Tracy anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ngati oilo uja analidi oilo. Ndinati wa lole ya Mackson, akafunse. Anafunsa ngati sindinapite kwa sing'anga. Ndinati ine ndi sing'anga tinakumana komaliza ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndipo kuseka kuja kunabwerera, konse nthawi imodzi, mpaka anagwira m'mimba, misozi ili chuchuchu, sindikudziwa ya kuseka kapena ya zina.

"A Sisita," anatero, "ndinakwatiwa ndi munthu wodziwa zinenero zisanu. Chichewa chokha ndiye chinamudutsa."

Ine ndinali ndisanafike posekapo, chifukwa mawu aja akuti kachilombo anali atandifika tsopano. M'zaka zimenezo, ukamva kuti munthu ali ndi kachilombo, sunkafunsa kuti kati. Ndinadzuka pampando, n'kukhalanso. A Leah anaona, n'kunena kuti si kameneko ayi, aka ndi kena, dzina lake HPV. Ndinati mainawo akufanana kwambiri. Anati Area 23 ndi Area 25 nawonso amafanana, koma ukakwera minibasi yolakwika umakatsikira kwina.

Anafotokoza mofatsa. Kachilomboka kamapatsirana mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi, ndipo n'kofala kwambiri moti anthu akuluakulu ambiri amakatengapo nthawi ina osadziwa. Mwamuna kawirikawiri samva kanthu. Mwa amayi ambiri thupi limakachotsa lokha. Koma mwa ena kamakhazikika pa khomo la chiberekero zaka ndi zaka, n'kumasintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono, popanda ululu, popanda magazi. Namwino akapakapo viniga, malo osinthikawo amayera, n'kuonekera. Zimenezo ndi zimene anapeza mwa amake Tracy. Sinali khansa. Koma zikasiyidwa, mwa ena zimasanduka khansa, ndipo ndi imene inatenga Lonely.

Ndinafunsa, monga munthu wa bizinesi wofuna kudziwa kochokera katundu, kuti kachilomboko kanalowa liti ndipo kanabwera ndi ndani. A Leah anati palibe angadziwe, kakhoza kukhala kakale kuposa ukwati wathu, ndipo kalibe pasipoti yoti tione zidindo.

"Komabe m'nyumba muno wa pasipoti ndi mmodzi," anatero amake Tracy, akuyang'ana kudenga.

Ndinaona kuti imeneyo inali nthawi yabwino yokaona ngati mahinjesi a chitseko akufuna girizi.

Nditabwerera pampando, nzeru ina inandifikira. Ndinati ngati nkhani ndi ya viniga, ine ndili naye makatoni, tingathe kumalizira konkuno popanda kuvutitsa boma. A Leah anadzutsa chala. Anati viniga sachiza, amangoonetsa, ali ngati tochi: tochi imakuonetsa njoka koma siipha. Ndipo munthu asayerekeze kuchita zimenezo kunyumba. Mankhwala ake ndi kachipangizo kozizira kwambiri, koyendera mpweya wa m'silinda, kamene amakagunditsa pamalo oyerawo kwa mphindi zochepa, khungu loipalo n'kufa, labwino n'kumera. Chiberekero sachotsa. Chimene amafunira mwamuna kuti avomereze n'choti pambuyo pake, kwa mwezi wathunthu, bambo azigona kwawo, mayi kwawo, kuti bala lipole. Anati amayi ambiri amathawira pamenepo, chifukwa amuna awo amakana.

Ndinawauza kuti ine ndinakhalapo pa malire a Nyamapanda mwezi ndi theka, lole itagwidwa, ndikugona pansi pa matayala, ndiye mwezi umodzi pa sofa yanga yomwe ndi holide. Koma ndinafunsa ngati zingadikire kaye ndibwere ku Dar, chifukwa zitenje za Khirisimasi zinali zitayandikira.

A Leah sanaseke. Anati, "A Kanjedza, ku Mchesi kumene munagula chitsekochi amakhomanso mabokosi a maliro. Musadzabwererekonso kukagula zimenezo."

Ulendo wa ku Dar unafera pomwepo.

Potuluka ndinawafunsa chifukwa chimene namwino amagulira viniga ndi ndalama za m'thumba mwake. Anati wa kuchipatala anatha, wina akudikirabe, ndipo sangabweze amayi amene ayenda wapansi kuchokera ku Chinsapo chifukwa cha botolo limodzi. Botolo limene linapeza zoyera mwa amake Tracy analigulanso okha, mugolosale yanga yomweyo. Ndinati ndiye kuti botolo limenelo ndi ngongole yanga. Anati ndidzabweze chaka chamawa, akadzawayezanso n'kupeza kuti pakhomo payera. Kenako anadzikonza, n'kuti akadzapeza kuti sipanayere.

Amake Tracy anaika lamulo limodzi: poti makutu anga sadalirika, ndiwaperekeze ndikadzimvere ndekha. Lachinayi ndinavala suti yanga ya ku Durban, n'kukakhala pa benchi. Mwamuna ndinali ndekha pakati pa amayi oposa makumi atatu. Mayi wina wonenepa wa ku Kawale, amene ndimamudziwa chifukwa amagulitsa tomato pafupi ndi chiwaya changa, anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Bwana Lucious, nanunso mwabwera kudzayezetsa khomo?"

Ndinati langa ndinasintha kale, ndi la mlombwa. Amake Tracy anafotokoza nkhani yonse, osasiyako ngakhale oilo, ndipo benchi yonse inagwedezeka mpaka mlonda anabwera kudzaona. Ine sindinadandaule. Nkhani yabwino ndi yabwino ngakhale ikukudya wekha, ndipo ndinaona kuti mtsikana wina amene ankafuna kuthawa pamzere anakhalanso pansi kuti amve mathero.

Atawaitana amake Tracy, kuseka kunandithera. Chitseko cha chipindacho chinali cha pulayiwudi wamba, chopanda mkango, koma sindinayang'anepo chitseko china chilichonse m'moyo mwanga ngati m'mene ndinayang'anira chimenecho. Mkati munamveka mpweya uja, fwiii, ngati tayala likuphwa. Ndadutsa m'malire a mayiko usana ndi usiku, ndagonapo m'selo ku Musina chifukwa cha chidindo chosaoneka bwino, koma thukuta la pa benchi imeneyo linanyowetsa suti mpaka jekete. Mayi wa tomato uja anandipatsa kansalu kake kuti ndipukutire.

Anatuluka akuyenda okha. Anati zinangokhala ngati kupotokola kwa kumwezi, ndipo akufuna Fanta wozizira ndi tchipisi, koma wopanda viniga.

Mwezi umenewo ndinagona pa sofa, moyang'anizana ndi kumbuyo kwa chitseko changa, ndipo ndikuuzeni kuti mlombwa ngakhale kumbuyo ndi wokongola. Masana ndinkazungulira ziwaya. Mwamuna aliyense wopempha viniga ndinkamufunsa kaye ngati akudziwa ntchito ina ya chinthu chimenecho. Akati ayi, ndinkamukhazika pa benchi, mbale ndili nayo ine m'manja, mpaka amve zonse: kachilombo kosaoneka, zaka zimene kamakhala chete, zoyerayera, mpweya wozizira, mwezi wa pa sofa. Ena ankatukwana kuti tchipisi chikuzizira. Kondakitala wina anati sadzadyanso viniga moyo wake wonse. Koma a Leah anandiuza kuti amayi anayamba kufika n'kumati atumidwa ndi amuna awo, amene anamva kwa bambo wa chitseko.

Chaka chitatha tinabwerera. Ndinakhalanso pa benchi yomweyo, ulendo uno ndi malaya opepuka. A Leah anatuluka ndi amake Tracy, n'kundiitanira pambali. Pofuna kuti pasakhalenso kalipentala, analankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mlendo wa ku Mozambique.

"Tapaka viniga pa khomo la chiberekero cha akazi anu. Palibe choyera. Apola. Mwamva Chichewa chimenechi?"

Ndinati ndamva, ndipo ndinapempha kuti abwereze, osati chifukwa sindinamve.

Zitenje zija amake Tracy anagawa sizinabwerere, abale a ku Ntcheu sabweza chinthu. Chitseko chakale chili ku chiwaya cha ku Kawale, timasendera mbatata pamenepo, ndipo mpaka lero chiswe sichinachikhudze.

Masana a tsiku lomwe a Leah anati apola lija ndinaimitsa pikiapu pa geti la chipatala. A Leah anati ngongole inali botolo limodzi. Ndinati ine ndakhalitsa ku Biwi, ndimadziwa chiwongoladzanja cha katapila. Anati botolo limodzi limayeza amayi odzaza minibasi zingapo, ndiye zonsezi adzamaliza liti? Ndinati zimenezo awerengere ndi amene anafika Folomu 4. Ine ndinatsitsa makatoni anayi, viniga woyera wa ku Durban, mabotolo makumi anayi ndi asanu ndi atatu.